Nyumba ya lendi ku Indianapolis, eniake ali ku Seattle: zomwe zinachitika m'zaka ziwiri zoyamba

Banja lomwe lipotili likufotokoza limakhala ku King County, pafupi ndi mzinda wa Seattle m'chigawo cha Washington. Mayi ndi namwino, bambo amayendetsa basi za mumzinda, ndipo onse anachokera ku Malawi zaka zoposa 10 zapitazo. Pofika Januwale 2023 anali atasunga $62,000, kupatula za penshoni, ndipo ankafuna nyumba yochititsa lendi yoti aisunge zaka zambiri. Kumene akukhalako masamu ake sankatheka. Nyumba wamba ya zipinda zitatu inkadutsa $700,000, pomwe lendi yake ya pamwezi sinkafika ngakhale theka la 1 peresenti ya mtengowo. Nayo ngongole inali itakwera. Chiwongola dzanja cha ngongole za nyumba za zaka 30, chomwe bungwe la ngongole za nyumba la Freddie Mac limalengeza sabata iliyonse, chinali cha m'ma 3 peresenti kumapeto kwa 2021 koma chinadutsa 7 peresenti mu Okutobala 2022, ndipo wogula nyumba yochititsa lendi amapatsidwa chokwererapo kuposa wogula yokhalamo yekha. Banjali linauzidwa 7.25 peresenti, likapereka 25 peresenti ya mtengo wa nyumba pachiyambi.

Kusankha mzinda

Maganizo oyamba a bambowo anali ogula ku South Bend, kumpoto kwa Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri komanso alamu awo, kuti alamuwo azitolera lendi n'kumalandirako kangachepe. Ife alangizi awo tinawaletsa pa zifukwa ziwiri. Ku Indiana munthu woyang'anira nyumba ya lendi ya wina n'kumalipidwa amafunika laisensi ya ntchito zogulitsa malo ndi nyumba, yomwe alamuwo analibe. Chifukwa chinacho n'chodziwikiratu: manijala akalephera ntchito mumamuchotsa ndi kalata, koma mlamu simungamutero.

Cleveland anaiganizirapo chifukwa nyumba n'zotsika mtengo. Koma mzindawu wakhala ukutaya anthu kuyambira 1950, pomwe unali ndi oposa 900,000, kufika pa 372,624 m'kalembera wa 2020, ndipo kuyambira 2019 uli ndi lamulo lofuna satifiketi yotsimikiza kuti nyumba ya lendi yomangidwa chaka cha 1978 chisanafike ilibe chiopsezo cha mtovu wa mu penti. Lamuloli ndi labwino, koma ndi ntchito yowonjezera kwa munthu yemwe ali kutali ndipo akungoyamba kumene. Indianapolis inakula kuchoka pa 820,445 mu 2010 kufika pa 887,642 mu 2020. Ntchito zake sizidalira kampani imodzi: kuli boma la chigawo, Eli Lilly, zipatala za IU Health, Allison Transmission, ndiponso malo aakulu a FedEx pa bwalo la ndege. Chomwe chinalemera kwambiri pa chisankhochi, komabe, ndi kuchuluka kwa makampani oyang'anira nyumba, mapulambala ndi amisiri. Mumzinda waung'ono manijala mmodzi akakugwiritsani mwala, mwina palibe wachiwiri.

Manijala anasankhidwa nyumba isanapezeke, chifukwa ndi amene amadziwa lendi yeniyeni ya msewu uliwonse. Mwa makampani anayi omwe banjali linalankhula nawo, linakonda ina yomwe inkatenga 10 peresenti ya lendi yotoleredwa komanso lendi ya mwezi wathunthu ikapeza tenanti watsopano. M'kontirakiti yake munali mfundo yoti chindapusa chonse cha tenanti wochedwa kulipira chizikhala cha kampaniyo. Tinapempha kuti mfundoyi ichotsedwe, kampaniyo inakana, ndipo banjali linavomera chifukwa inali ndi amisiri akeake ndipo inkayankha foni msanga. Nkhani ya mfundoyi ibweranso kutsogoloku.

Nyumba yoyamba, yomwe sinagulidwe

Mu Febuluwale kampani ina yogulitsa nyumba zokonzedwa kale, tenanti ali momwemo, inawatumizira nyumba ya $149,000 ya lendi ya $1,395. Pepala la wogulitsa linkaoneka lokoma. Ngongole ya $111,750 inkafuna $762 pamwezi, msonkho wa nyumba $98, inshuwalansi $60, manijala $112, zokonzakonza $70, ndipo zotsala zinali $293 mwezi uliwonse. Bambowo anali okonzeka kusaina sabata yomweyo.

Tinatenga mzere uliwonse n'kuufunsa kumene wachokera. Wa msonkho ndi umene unayamba kugwa. Malamulo oyendetsera chigawo cha Indiana, kuyambira pa voti ya 2010, amaika malire a msonkho wa nyumba: 1 peresenti ya mtengo womwe boma laiwerengera ngati mwiniwake akukhalamo, 2 peresenti ngati ndi ya lendi, 3 peresenti ngati ndi ya bizinesi. Wokhala m'nyumba yakeyake amachotseredwanso gawo lalikulu la mtengowo kudzera mu homestead. Pa tsamba la intaneti la Marion County, kaunti yomwe muli mzinda wa Indianapolis, nyumbayi inali yowerengeredwa $118,000, ndipo bilu ya $1,180 yomwe wogulitsa anagawa ndi 12 inali ya mwini wakale yemwe ankakhalamo. Ikakhala ya lendi, bilu yomweyo ikanakhala $2,360. Komanso mtengo wa boma umasinthidwa chaka ndi chaka potsatira mitengo ya nyumba zogulitsidwa m'deralo, choncho nyumba yokonzedwa n'kugulitsidwa $149,000 iyenera kuwerengeredwa msonkho woyandikira $2,980, kapena kuti $248 pamwezi. Misonkho ya sukulu yomwe anthu anaivomereza pa voti imabwera pamwamba pa malirewa. Wochokera ku Washington, komwe kulibe kusiyana kotereku pakati pa nyumba ya lendi ndi yokhalamo mwini, sangaziganizire n'komwe.

Kenako lendi. Mamanijala awiri omwe analibe nawo gawo pa malondawa anafunsidwa aliyense payekha, ndipo onse anati nyumba zofanana nayo m'misewu imeneyo zikupeza matenanti pa $1,175 mpaka $1,225. Tinapempha pangano la lendi, kaundula wa zomwe tenanti walipira, ndiponso kalata yoti tenantiyo asainire yotsimikiza lendi, dipoziti ndi malonjezo ena alionse. Panganolo linabwera, la miyezi iwiri yokha. Kaundula anachedwa, ndipo atabwera anaonetsa kuti mwezi woyamba unali waulere. Iyi ndi njira yodziwika yokwezera lendi ya papepala: tenanti amavomera lendi yokwera chifukwa walowa mosalipira, nyumba imagulitsidwa potengera lendiyo, ndipo akalephera amakhala kale m'manja mwa wogula.

Titawerenganso ndi lendi ya $1,200, msonkho $248, inshuwalansi $105 malinga ndi mtengo womwe ejenti wa ku Indiana anapereka, manijala $120, miyezi yopanda tenanti $96, ndalama yopezera tenanti yogawidwa pa zaka ziwiri $50, zokonzakonza $96, ndi $120 yosungira denga ndi makina, zotuluka zinakwana $835, kuphatikiza ngongole $1,597. Nyumba ya phindu la $293 inasanduka yodya $397 pamwezi. Palibe mzere umodzi womwe wogulitsa akanaimbidwa nawo mlandu wa bodza. Msonkho wa $98 unalipidwadi, ndipo $1,395 inalidi m'pangano. Kungoti anali masamu a mwini wakale ndi a wogulitsa, osati a wogula.

Nyumba yachiwiri

Zitatero banjali linasiya kuyang'ana nyumba zonyezimira n'kuyamba kufufuza zomwe zakhalitsa pamsika chifukwa cha mavuto okhoza kuwerengeka. Malire ake anali akuti ikhale ya zipinda zitatu, yopanda chipinda chapansi, yakunja kwa malo osefukira madzi pa mapu a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, popeza nyumba ya ngongole yomwe ili m'malo oterowo imakakamizidwa inshuwalansi ina, komanso kuti lendi ipitirire 1 peresenti ya mtengo wogulira ndi wokonzera pamodzi. Muyezo wa 1 peresentiwu ndi sefa chabe. Pa chiwongola dzanja cha 7 peresenti, nyumba imatha kuukwanitsa koma osasiya kanthu.

Mu Malichi inapezeka ya njerwa, yomangidwa mu 1958 ku Warren Township, kum'mawa kwa mzindawu. Mwiniwake anali atamwalira mu 2022 ndipo ana a malemuwo ankaigulitsa $129,900. Inali itatha miyezi iwiri osagulidwa chifukwa cha makapeti akale ndi khitchini yachikale, zomwe ogula nyumba yokhalamo okha amazithawa. Zithunzi za msewu pa Google zinali za zaka zingapo m'mbuyo, choncho munthu wina wa komweko analipidwa kuti ajambule vidiyo ya msewu wonse Loweruka masana ndi usiku wa mkati mwa sabata. Zoyang'ana pa vidiyo yotere ndi madenga, kapinga, magalimoto akufa ndi nyumba zokhomedwa matabwa. Mtundu wa anthu okhalamo si nkhani, ndipo ejenti amene angayambe kulondolera ogula potengera zimenezo akuphwanya Fair Housing Act ya 1968, lamulo loletsa tsankho pa nkhani za nyumba. Banjali ndi ogulitsa anagwirizana pa $120,500, ndi masiku 10 oyendera nyumba.

Woyendera nyumba anasankhidwa ndi ogula, osati ejenti wa ogulitsa. Anapeza bokosi la magetsi la mtundu wakale womwe makampani ambiri a inshuwalansi amakana, giza ya zaka 17, ndi denga lomwe anati likhoza kutha zaka zina 7 kapena 8. Maziko anali abwino. Kuyendera wamba sikuona paipi ya suweji yochoka m'nyumba kukalumikizana ndi yaikulu ya mumsewu, choncho pulambala analipidwa $225 kuti alowetsemo kamera. Paipiyo inali yadothi, monga zilili ndi nyumba zambiri za zaka zimenezo. Mizu ya mtengo wa kutsogolo inali italowa m'malumikiziro atatu, ndipo chapakati paipi inali itatitimira n'kumasunga madzi. Mayi wokalamba wokhala yekha sakanaliona vutoli. Banja la anthu asanu, lochapa ndi kusamba tsiku ndi tsiku, likanaliona mwezi woyamba, madzi oipa atabwerera m'bafa. Paipi imeneyi ndi ya mwini nyumba, osati ya mzinda. Mapulambala awiri anapereka mitengo ya $7,800 ndi $9,400.

Apa pali phunziro kwa anzathu alangizi. Ogula ambiri amapempha kuti wogulitsa awabwezere ndalama yokonzera pa tsiku losainirana. Koma pa ngongole zotsata malamulo a Fannie Mae, bungwe lalikulu logula ngongole za nyumba kwa mabanki, wogulitsa sangathandize wogula nyumba yochititsa lendi ndi zoposa 2 peresenti ya mtengo, yomwe apa inali $2,410 yokha. Ana a malemuwo analibe ndalama yokonzera paipi asanagulitse. Njira yotsala inali kutsitsa mtengo, ndipo anautsitsa ndi $8,500 kufika pa $112,000. Banjali linafunika kumvetsa kuti kutsitsaku sikunawasiyire $8,500 m'manja. Pa ndalama yapachiyambi anapulumutsa gawo limodzi mwa magawo anayi, $2,125, ndipo zotsalazo zinangochepetsa ngongole. Paipi inafunikabe kulipidwa ndi ndalama za m'thumba.

Masamu asanasaine anali otere. Ndalama yapachiyambi $28,000, zolipira posainirana $4,700, zokonza $19,200: paipi $7,800, bokosi la magetsi $2,400, giza $1,500, penti ndi pansi $6,300, ngalande za madzi a padenga ndi zina zing'onozing'ono $1,200. Zonse $51,900, kusiya $10,100 mu akaunti. Banki inkafuna kuona ndalama yokwana miyezi 6 ya ngongole, msonkho ndi inshuwalansi, yomwe inali yochepera apa, koma tinaumirira kuti $10,100 yonseyo isakhudzidwe, ngakhale mayiwo ankafuna kusintha makabati a m'khitchini. Pa lendi ya $1,450, zotuluka za pamwezi zinali $797 ndipo ngongole ya $84,000 inkafuna $573. Zotsala: $80.

Phindu limeneli ndi lochepa, ndipo tinawauza mosapita m'mbali. $960 pachaka pa $51,900 sikwana 2 peresenti, m'chaka chomwe mabondi a boma la America a miyezi yochepa ankapereka pafupifupi 5 peresenti popanda paipi kapena tenanti. Chomwe chinalungamitsa kugula ndi chakuti nyumba zofanana nayo zokonzedwa bwino zinkagulitsidwa $143,000 mpaka $148,000 pomwe iyi ikanawadyera $135,900 zonse pamodzi, kuti $573 sisintha kwa zaka 30 pomwe lendi imakwera, komanso kuti zinthu zitatu zodula zinali zatsopano kuyambira pachiyambi. Kwa banja lofuna ndalama yogwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, upangiri wathu ukanakhala woti asagule.

Kusainirana kunachitika kumapeto kwa Epulo 2023, banjali lili ku Seattle pamaso pa notary, munthu wololedwa ndi boma kuchitira umboni posainirana. Kampani yofufuza umwini inapeza ngongole ya $640 ya kapinga yemwe mzinda unatchetcha nyumba ili yosiyidwa, ndipo inachotsedwa pa ndalama za ogulitsa. Nambala ya akaunti yotumizako ndalama anaitsimikiza poimba foni pa nambala yomwe anali nayo kale, osati ya mu imelo, chifukwa akuba amalowerera pa nthawi yomweyi.

Kukonza ndi tenanti woyamba

Ntchito yomwe amisiri anati ya masabata 6 inatenga 10, makamaka podikira zilolezo ndi oyendera a mzinda pa magetsi ndi paipi. Ndalama inkaperekedwa m'magawo atatu, gawo lililonse pambuyo pa zithunzi ndi kalata yoti mmisiri walipidwa ndipo sadzaika chikole pa nyumbayo. Popeza ndi ya 1958, wopenta anayenera kukhala ndi satifiketi ya EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ya ntchito za m'nyumba za penti ya mtovu. Inshuwalansi yambiri ya eni nyumba za lendi imachepetsa chitetezo nyumba ikakhala yopanda munthu kupitirira masiku 60, choncho ntchito itayamba kuchedwa anawonjezera $180 kuti chitetezocho chisadukize.

Tenanti analowa pa 1 Julayi pa $1,450, ndi dipoziti ya mwezi umodzi. Manijala anati malipiro ake ndi oposa lendi katatu. Julayi, Ogasiti ndi Seputembala analipira bwino, Okutobala analipira mochedwa, ndipo kuyambira Novembala kunkangobwera tizidutswa, $900 yokha mpaka Febuluwale. Eniake anazindikira mochedwa chifukwa lipoti la manijala linkabwera pa 15 mwezi wotsatira, ndiye kuti vuto la Novembala analiona pakati pa Disembala. Atafunsa, anauzidwa kuti tenanti walonjeza. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, koma anthu omwe ali pa mtunda wa makilomita 3,000, ndi kusiyana kwa maola atatu pa wotchi, alibe chogwira china kupatula mawu a manijala.

Titaona kaundula, zinthu ziwiri zinaonekera. Pa tizidutswa tija kampaniyo inkayamba yachotsa chindapusa chake, ndipo m'kaundulamo munali mzere wa chindapusa mwezi uliwonse. Mfundo ija ya m'kontirakiti inachititsa kuti tenanti wochedwa akhale wopindulitsa kwa manijala kuposa wolipira pa nthawi yake, ndipo chidziwitso cha masiku 10 chomwe lamulo la Indiana limanena pa lendi yosalipidwa chinali chisanaperekedwe n'komwe. Chachiwiri chinali m'faelo ya tenanti. Mapepala a malipiro analipo, koma palibe amene anaimbira abwana ake, ndipo nambala ya landilodi wakale sinafanane ndi dzina la mwini wa nyumbayo pa tsamba la kaunti. Kufufuza kumeneko kumatenga mphindi zisanu.

Bambowo, mtima utawawa, anafuna kutuma alamu aja kuchokera ku South Bend, ulendo wa maola awiri ndi theka, kuti akasinthe maloko. Ku Indiana zimenezo n'zoletsedwa. Landilodi sangasinthe maloko, kuchotsa zitseko kapena kudula madzi, magetsi ndi gasi popanda chigamulo cha khoti, ndipo akatero mlandu umamutembenukira. Chomwe chinachitika m'malo mwake ndi ichi. Chidziwitso cha masiku 10 chinaperekedwa kumapeto kwa Disembala. Manijala anapatsidwa kalata yothetsa kontirakiti pakatha masiku 30, ndi chindapusa cha $300. Mu Januwale 2024 loya anakasuma ku khoti la milandu ing'onoing'ono la Warren Township, limodzi mwa makhoti 9 oterewa ku Marion County. Pa tsiku la mlandu tenanti anavomera kutuluka pofika kumapeto kwa Febuluwale, ndipo woweruza anasainira mgwirizanowo. Tinalangiza kuvomera tsikulo ngakhale linali lotalikirapo, chifukwa munthu wotuluka yekha pa tsiku lomwe wavomera nthawi zambiri sawononga nyumba ngati wotulutsidwa mokakamiza.

Nyengo inali yozizira, ndipo tenanti wolephera lendi amalepheranso gasi. Makina otenthetsera nyumba akazima mu Januwale wa ku Indiana, mapaipi amaundana n'kuphulika. Choncho eniake anasainirana ndi kampani za gasi ndi magetsi kuti akaunti ya tenanti ikatsekedwa izibwerera yokha m'dzina lawo. Zinachitikadi kumayambiriro kwa Febuluwale, ndipo nyumba sinazizire.

Tenanti atatuluka, kalata yofotokoza mmene dipoziti yagwiritsidwira ntchito inatumizidwa masiku 45 asanathe. Landilodi wophonya malire amenewa ku Indiana amataya ufulu wosunga dipozitiyo chifukwa cha zowonongeka. Khoti linagamula kuti tenanti ali ndi ngongole, koma m'masamu athu ndalamayo tinaiwerengera ngati yosabwera, ndipo mpaka pano sinabwere.

Manijala wachiwiri

Kontirakiti yatsopano inakambidwa mzere ndi mzere. Kampaniyo imatenga 9 peresenti ya lendi yomwe yalowadi, ndi theka la mwezi ikapeza tenanti, ndipo tenantiyo akachoka miyezi 12 isanathe imapeza wina kwaulere. Chindapusa cha kuchedwa chimapita kwa eniake. Lendi ikapanda kulowa pofika pa 6, eniake amauzidwa tsiku lomwelo ndipo chidziwitso chimaperekedwa sabata yomweyo. Chokonza chilichonse choposa $400 chimafuna chilolezo, kupatula pangozi. Eniake amaona kaundula pa intaneti nthawi iliyonse. Miyezo yosankhira tenanti inalembedwa ndipo ndi yofanana kwa aliyense: malipiro otsimikizidwa kwa olemba ntchito ndi ku banki, malandilodi awiri akale omwe mayina awo afananizidwa ndi mabuku a kaunti, komanso kufufuza milandu pa tsamba la makhoti a Indiana. Wokanidwa chifukwa cha lipoti la ngongole zake amapatsidwa kalata yomuuza choncho, monga lamulo la dziko limafunira. Chifukwa chofunsira malandilodi awiri n'chakuti wapanoyo akhoza kuyamikira tenanti woipa pofuna kuti achoke, pomwe wam'mbuyo alibe chobisa.

Kukonzanso nyumba kunadya $2,300 ndi mwezi wa Malichi. Pa 1 Epulo 2024 linalowa banja lina pa $1,495, pa pangano la zaka ziwiri lokwera kufika $1,540 chaka chachiwiri. Panali wina wofuna kulipira $1,550 koma mbiri yake inali ndi mipata, ndipo anamusiya.

M'miyezi yomweyo bilu ya msonkho yopanda homestead inafika. Ku Indiana msonkho wa nyumba umalipidwa chaka chotsatira, m'magawo awiri, Meyi ndi Novembala, choncho kusinthaku kumaoneka mochedwa. Banki inali ikutolera ndalama ya msonkho potengera bilu yakale ya malemu aja, ndipo itawerenganso inapeza kuti m'thumbalo mwaperewera n'kukweza zolipira za pamwezi. Eni nyumba ambiri akutali amagwidwa apa, chaka chitatha akuganiza kuti akupindula. Banjali linali litauzidwa kale ndipo silinadabwe, ngakhale kuti kukwerako kunadza thumba lawo litaphwa.

Zotsatira

Kuyambira Meyi 2023 mpaka Epulo 2024 munalowa $9,645, kuphatikizapo dipoziti ya tenanti woyamba. Munatuluka $16,673, osawerengera $19,200 ya kukonza koyamba. Zazikulu zinali ngongole $6,303, msonkho ndi inshuwalansi $2,600, kukonzanso nyumba $2,300, ndi $2,200 yopezera matenanti awiri. Zotsalazo zinapita kwa manijala, loya ndi khoti, magetsi, gasi ndi kapinga nyumba ili yopanda munthu. Chaka chinatha ataluza $7,028, ndipo thumba la $10,100 linatsala ndi pafupifupi $3,100. Makabati aja akanagulidwa, ngongole ya Malichi ikanalipidwa ndi khadi.

Kuyambira Meyi 2024 mpaka Epulo 2025 lendi yonse inalowa, $17,985. Ngongole inatenga $6,876, msonkho $2,710, inshuwalansi $1,390 itakwera pokonzanso pangano, manijala $1,619, zokonza $1,130. Zinatsala $4,260. Mayiwo anaiwerengera yonseyi ngati phindu, koma $1,200 ndi ya denga ndi makina, ndipo $1,800 ndi ya tsiku lomwe banja lilipoli lidzachoke. Phindu lenileni ndi $1,260, lomwe silili kutali ndi $960 yomwe inawerengedwa asanagule. Zaka ziwirizi pamodzi, ndalama yotuluka ikuposabe yolowa ndi $2,768, pomwe ngongole yatsika ndi pafupifupi $1,600.

Pa msonkho wa ndalama zopeza, nyumba ya lendi imachotseredwa mtengo wake pang'onopang'ono kwa zaka 27.5, kupatula mtengo wa malo. Apa zinali pafupifupi $4,100 pachaka. Banjali linkayembekezera kuti kuluza kwa chaka choyamba kuchepetsa msonkho wa malipiro awo, koma mwayi wochotsa mpaka $25,000 umayamba kuchepa banja likamapeza zoposa $100,000 ndipo umatheratu pa $150,000. Iwo anali pamwamba pa malirewo, choncho kuluzako kwasungidwa kuti kudzachotsedwe pa phindu la lendi la m'tsogolo kapena podzagulitsa. Washington ilibe msonkho wa malipiro, ndipo banjali linali lisanadzazepo fomu ya chigawo chilichonse. Tsopano limadzaza IT-40PNR ya Indiana chaka chilichonse.

Mu Meyi 2025 bambowo anabwera ndi nyumba ina ya m'dera lomwelo. Masamu ake, powerengera msonkho wa 2 peresenti ndi lendi yotsimikizidwa ndi manijala watsopano, anasiya $110 pamwezi, ndipo banki inali yokonzeka. Tinalangiza kuti adikire, ndipo anavomera. Panthawiyo thumba la nyumba yoyamba linali pa $7,300, mmisiri anali atapereka mtengo wa $9,500 wa denga lomwe linali litatsala ndi zaka 5 kapena 6, ndipo pangano la tenanti linali loti lithe mu Malichi 2026. Anagwirizana kuti adzayambiranso kufufuza thumbalo likafika $10,000 pambali pa ndalama ya denga, komanso tenantiyo akanena ngati akukhala.